Odi wa pa Kamphepo

Mukachoka pa Chimbiya kulowera kum'mawa, msewu wafumbi ukayamba kukwera, mumaona nyumba imodzi yokha pamwamba pa chitunda. Ndi ya malata akale, ndipo pambali pake pali mlongoti wa bulugamu wopendekeka pang'ono. Pamenepo ndi pa Kamphepo. Dzinalo silinama, mphepo yake imakuvula mpango uli chiimire. Mwini nyumbayo ndi mayi Veronika, amene tonse timawatchula ndi mfunda wawo, aNachisale. Ndanena dala kuti mwini, chifukwa mawu amenewo ndi amene anavuta.

Ine ndine Zione. Ndimagula mbatatesi m'midzi n'kumagulitsa kwa a malole pa Chimbiya. Ntchito yathuyi mdani wake wamkulu ndi kusamvana. Mlimi amakumba lole isanabwere, mbatatesi n'kuyamba kubiriwira padzuwa, kapena lole imafika mlimi ali kumaliro. Choncho mu 1998, kalabu yathu ya alimi ndi mavenda italandira mawayilesi olankhulirana kuchokera ku bungwe lina lothandiza alimi, ine ndinavina pamsewu. Panali wayilesi yaikulu imodzi ndi ang'onoang'ono a m'manja khumi ndi awiri. Ang'onowo anthu anangowatcha ma ova-ova, poti wolankhula akamaliza amati "ova" kuti mnzake ayankhe.

Koma ova-ova siboola phiri. Wa ku Kaphuka samumva wa ku Mayani, ndipo ife a pa Chimbiya sitiwamva onse awiri. Malo okhawo amene amamva aliyense, namvekanso kwa aliyense, ndi pa Kamphepo. N'chifukwa chake wayilesi yaikulu inakwera chitunda n'kukakhala pa tebulo la aNachisale. Ntchito yawo inali kulandira mawu kuchokera mbali ina n'kuwabwereza ndi pakamwa pawo kuti a mbali inayo amve.

ANachisale kwawo ndi ku Bembeke. Anafika pa Kamphepo ali mtsikana, atakwatiwa ndi malemu a Ezara Ngozo, poti a kwa Ngozo ndi Angoni ndipo mkazi amatsata mwamuna. A Ezara anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa choipa ndi luso lokonza mawayilesi. Anamanga pamwamba pomwe abale awo ankapakana chifukwa cha kuzizira, amvekere pamenepo ndi pamene wayilesi imagwira masiteshoni akutali. M'nthawi ya chipani chimodzi, kumvera zakunja kunkaitana mafunso. Eriyo yawo inali waya wautali wochokera pa denga kukafika pa mtengo wa mapichesi, ndipo aNachisale akaona alendo osadziwika akukwera chitunda, ankathamanga kukayanikapo zovala.

"Anyamata ena anandifunsa kuti waya ameneyu ngwachiyani," anandiuza tsiku lina. "Ndinati ngwa mabulangete, ndipo ngati alibe chochita andithandize kufinya. Anafinya, mwanawe. Bulangete lonse."

Mwana wawo wamwamuna anamwalira ali wamng'ono, wamkazi anakwatiwa ku Kasungu. A Ezara atatisiya, mng'ono wawo, a Gerevazio, amene ali ndi golosale pa Chimbiya, anayamba kukwera chitunda pafupipafupi. Sankabwera kudzapepesa. Dothi la pamwambapo limasunga bwino mbewu ya mbatatesi, ndipo iwo ankafuna kuti mlamu wawo asudzulidwe, abwerere ku Bembeke, malowo alimepo iwo. ANachisale anakana. A Gerevazio anayamba kumangolowa m'nyumbamo osachita odi, nsapato zamatope zili kumapazi.

"Alamu, khomo limenelo lili ndi mwini wake," anatero aNachisale.

"Ndichite odi m'nyumba ya mkulu wanga? Kodi mbuzi imachita odi polowa m'khola mwake?"

"Mwadzitchula nokha, ine sindinanene."

Wayilesi itafika, akuluakulu a kubanja la Ngozo anati nkhaniyo iyambe yaima. Mayiyo akugwira ntchito yothandiza tonse, anatero, wayilesi ikadzachoka pamenepo ndi pamene tidzakambirane. Aliyense anamva tanthauzo lake. Wayilesi ikatsika chitunda, aNachisale atsika nayo.

Masiku oyamba zinkakoma. Kenako chinayamba chiphokoso. Mawayilesi onsewo ankalankhulira m'njira imodzi, ngati anthu omwera chikho chimodzi. Wina akamalankhula, ena onse ayenera kukhala chete. Awiri akadina batani nthawi imodzi, chomveka ndi phokoso ngati la chipisi pa chiwaya. Tsono ife ndife anthu a moni. M'mawa uliwonse aliyense ankafuna kudziwa mmene mnzake wadzukira, mmene ana adzukira, ndi ngati mwendo wa agogo uja waphwa. Ndinawerengera pansi ndi kamtengo: anthu khumi ndi awiri, aliyense kupatsana moni ndi mnzake aliyense, ndi malonje 66, ndipo ambiri mwa iwo odzera pakamwa pa aNachisale. Za mbatatesi zinkayamba dzuwa litakwera kale.

Vuto lenileni linali lina. A Petulo, mlimi wachikulire amene ankasunga ova-ova ya ku Kaphuka, ankayamba amvetsera asanalankhule, monga munthu waulemu. Akamva kuti kuli zii, ankadina. Monika, venda mnzanga wa ku Mayani, nayenso ankamvetsera, kumva zii, n'kudina. Onse awiri sankalakwa, poti phiri linkawabisirana. Koma pa Kamphepo mawu awo ankafika limodzi, atapiringizana.

Komiti ya kalabu inayesa kugawa nthawi, kuti a Kaphuka azilankhula m'mawa, a Mayani dzuwa likakwera. Sizinapite patali. Mawotchi anali ochepa, ndiponso chinali chaka choyandikira chisankho, aliyense magazi akuwira.

"Zouzana nthawi yolankhula zinapita ndi referendamu," wina anafuula pa ova-ova. "Ano ndi matipate!"

Wina ankalengeza za mbuzi yosowa. Wina ankayandikiza ova-ova ku wayilesi ya mpira kuti tonse timve chigoli. ANachisale ankangokhala pakati, khutu lili pa sipika.

Tsoka linagwa mu Malichi wa 1999, mvula ikugwabe. A Petulo anati, "Lole ibwere ku Kaphuka, takumba kale." Nthawi yomweyo Monika anati, "Ku Mayani isabwere, msewu waterera." Chimene chinapulumuka m'chiwayamo n'kufika m'khutu la aNachisale chinali chakuti, "Lole ibwere ... ku Mayani." Anabwereza zomwe anamva. Lole inakatitimira m'matope a njira ya ku Mayani, ndipo mbatatesi ya a Petulo inavumbwa pamunda mpaka kuyamba kununkha. Matumba ena mmenemo anali oti ndigule ine.

Msonkhano wa kalabu unachitikira pansi pa mitengo ya paini kuseri kwa msika. A Gerevazio anavala jekete.

"Abale, tisanamizane," anatero. "Makutu amakalamba. Mlamu wangayu amangokhala pamwamba apo ngati setilaiti, kuzungulirazungulira, kutola mawu amene munthu sananene. Kugolosale kwanga kuli magetsi, kuli msewu, kuli anthu a maso. Wayilesi itsike."

Anthu anaseka ndi mawu oti setilaiti. ANachisale anaimirira, osagwada, osawomba m'manja.

"Itsitseni," anatero. "Mukaiike pa shelefu pakati pa sopo ndi shuga, muone ngati a Kaphuka adzakumveni. Kapena alamu anga akauza phiri kuti lisunthe, poti amadziwa kusuntha anthu. Vuto si makutu anga. Vuto ndi pakamwa panu nonsenu. Khumi ndi awiri kulankhulira khutu limodzi!"

"Nanga mbatatesi yanga yawola ndi pakamwa panga?" anafunsa a Petulo, nkhope ili gwaa.

"Yawola ndi pakamwa panu ndi pa Monika, bambo, ndipo nonse awiri simunalakwe. N'zimene zikundisowetsa tulo."

A wapampando anagamula pakati. Wayilesi ikhale pa Kamphepo mpaka kukumba kuthe. Koma lole ina ikangosocheranso, wayilesi itsika, zoti iikidwe pa mlongoti wautali pa Chimbiya zidzaoneka pambuyo.

Mawa lake soketi ya kugolosale, kumene batire la wayilesi linkatchajidwa, akuti inapsa. Inapsa kwa batire lokhalo, poti firiji inkalirabe. ANachisale sanadandaule kwa aliyense. Anapinda nkhata, kusenza batire la galimoto pamutu, n'kukatchajitsa kuchigayo, kutali kuposa kugolosale. Ndinakumana nawo panjira, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Amayi, mudzathyoka khosi. Ndipatseni ndiziliyika panjinga."

"Njingayo ndivomera, chisoni ndakana. Ubwere nalo madzulo."

Ndinakwera nalo chitunda dzuwa litangolowa, kumadzulo kukadali kofiira. Ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu. Titalumikiza mawaya, anandikoka dzanja n'kuloza kumwamba.

"Ukuiona iyo? Osati yowala kwambiriyo, inayo. Ikuyenda."

Inali ngati nyenyezi yaing'ono, koma inkayenda mosalekeza, osaphethira ngati ndege, mpaka inazimirira cha ku Dedza.

"Imeneyo ndiye setilaiti imene alamu anga ananditukwana nayo," anatero. "Ndinamva pa siteshoni yakunja ija malemu amuna anga ankaikonda. Akuti aponya zambiri, makumi angapo, zouluka m'munsi, osati kutali kwenikweni. Munthu ali ndi foni yake kuchipululu amalankhula ndi imene ili pamutu pake. Imeneyo ikamakalowa, imasiyira inzake mawuwo, inzakeyo n'kupatsira ina, mpaka akafike kwa mwini wake. Popanda waya, popanda mlongoti."

Ndinayamba kale kuganiza za foni yotero m'thumba mwanga, ine ndili m'munda ku Kaphuka n'kumakambirana ndi wogula ali ku Lilongwe.

"Iwe ukuganiza za malonda," anatero, akundiyang'ana. "Ine chikundizunguza n'china. Zochuluka choncho, ndi anthu ochuluka choncho pansi, onse kufuna kulankhula. Sizikangana bwanji? Ine khumi ndi awiri okha andiwoletsera mbatatesi."

Tili chiyang'anire kumwamba, kunamveka mawu kuchokera kunjira ya kum'mawa. "Odi kuno!" Nthawi yomweyo ena kuchokera kuseri kwa nyumba, kunjira ya kumadzulo. "Odi, amayi!" Anali mayi wina wa kumunsi wodzabwereka sefa, ndi mtsikana wodzapempha moto. Nyumba inali pakati pawo, sankaonana, ndipo ndi mphepo ija sankamvananso.

"Lowani aNambewe," anayankha aNachisale.

Mayi wa sefa anafika. Mtsikana uja, ngakhale sanamuone munthu, atangomva dzina la wina anaima pomwepo pa mtengo wa mapichesi, manja kumbuyo, kudikira. ANachisale anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali. Kenako anandimenya paphewa mpaka ndinadzandira.

"Zione! Waona? Sanamumve mnzake. Wamva ine."

M'mawa mwake, asanayambe aliyense, mawu awo anamveka pa ma ova-ova onse.

"Mwadzuka bwanji nonse, Kaphuka, Mayani, Chimbiya ndi midzi yonse? Ine ndadzuka. Moni ndi ameneyu, wakwanira tsiku lonse, muyankhire mumtima. Tsono tamverani. Mawu anu onse amalowa m'nyumba mwanga, pa tebulo langa. Kuyambira lero, wofuna kulankhula achite odi. Anene kuti odi, atchule kwawo, achotse chala pa batani. Asanene china. Ine ndikati lowani a Kaphuka, ena nonse mwandimva, khalani panja ngakhale kwanuko kukumveka zii. Akamaliza ndinena kuti khomo lili pululu. Wolankhula wopanda odi ndi wakuba, mawu ake sindiwanyamula. Ova."

Nthawi yomweyo chiwaya chinayaka. Phokoso litachepa, kunatsala mawu a mnyamata wina wa minibasi. "Amayi, umenewo ndi ulamuliro wankhanza! Tili pa demokalase!"

"Demokalase inachotsa chitseko kunyumba kwa amako? Ukapita ukayese kulowa osachita odi, ubwere udzandiuze. Khomo lili pululu."

Amene anayamba anali a Petulo, omwe aja a mbatatesi yowola. Mawu awo anali olemera ngati akukoka ngolo.

"Odi. Kaphuka."

"Lowani a Kaphuka."

Ndinali pamsewu ndi ova-ova yanga, ndipo ngakhale a Petulo sindinkawamva, ndinapeza chala changa chachoka chokha pa batani. Palibe anatiphunzitsa. Munthu woleredwa sangalowe m'nyumba atamva kuti alowe ndi wina. Lamulo la komiti tinalikana chifukwa linali la komiti, koma ili tinayamwira. Odi awiri akagundana, zotayika zinali zochepa, poti odi ndi mawu aafupi. ANachisale ankangoti, "Mwagundana pakhomo. A Mayani yambani, enanu dikirani," basi.

Anawonjezanso china. Lole ikamapita kumidzi tinkabwereka dalaivala ova-ova imodzi. Ikamakatsikira kuseri kwa phiri kumene pa Kamphepo sipafika bwino, aNachisale ankati, "A dalaivala, ndakuperekezani, ndibwerere pano. Monika, landira alendo." Monika ankailondolera mpaka pamunda. Ndinawauza kuti zimenezo ndi zija za kumwamba zosiyirana mawu. Anati ayi, mlendo amaperekezedwa kuyambira kale, a kumwambawo ndi amene anaonera kwa ife.

Mu Epulo monse palibe lole inasochera. Uthenga umene kale unkadya m'mawa wonse unkatha madzi a tiyi asanawire. Anthu anayamba kuwatcha aSetilaiti, poyamba moseka, kenako mwaulemu, ndipo iwo ankayankha.

Munthu mmodzi yekha sanachitepo odi. A Gerevazio uthenga wawo ankatumiza panjinga, kapena kudikira munthu wopita komweko. Ova-ova ya kugolosale inkangokhala pa kauntala, yotsegula, iwo n'kumamvetsera ngati mphaka pa una wa mbewa, kudikira lole yosochera.

"Bambo, bwanji osangochita odi? Njinga ikuchedwetsani," ndinawafunsa tsiku lina ndikugula machesi.

"Iwe mwana, ukudziwa chimene odi amatanthauza? Wochita odi ndi mlendo. Wavomera kuti nyumba ili ndi mwini wake. Ine ndichite odi pa malo a Ngozo, midzi yonse ikumva? Ndiyambe ndafa."

Ananena mokweza, ndipo pakhonde la golosale panali anthu. Pofika madzulo mawuwo anali atafika ku Mayani opanda wayilesi.

Kumapeto kwa Meyi, kukumba kuli pafupi kutha, kunabwera wogula wamkulu wochokera ku Lilongwe, bambo wonenepa wa chipewa chachikopa. Anapangana ndi a Gerevazio kuti adzaze lole yake tsiku lomwelo. A Gerevazio anali ndi mbatatesi malo awiri: ina yokumbakumba m'matumba ku Kaphuka, ina yambiri m'mudzi wina kupitirira Mayani, yoti ikumbidwe m'mawa umenewo. Anatumiza lole kumudzi wakutaliwo, dalaivala atatenga ova-ova, wogula n'kutsala pa benchi pakhonde. Ine ndinali pomwepo ndikusoka matumba anga.

Patapita kanthawi kunafika bambo wina panjinga, wodzera njira zachidule, kudzagula nsalu yoyera ndi shuga. Anali wa m'mudzi womwewo. Kwagwa maliro usiku, anatero, palibe wagwira khasu lero.

Lole inayenera kukhotera ku Kaphuka isanapitirire pa mphambano, chifukwa kupitirira apo msewu ndi wopapatiza, wotsetserekera kudambo, lole yaikulu ilibe potembenukira mpaka kutali. Njinga sikanaipeza. A Gerevazio anatola ova-ova ija.

Pa nthawiyo aNachisale anali atangonena kuti, "Lowa Monika." A Gerevazio anadina n'kuyamba kufuula.

"Wina akuponda mawu a Monika," anatero aNachisale modekha. "Bwereza, mwana wanga." Patapita kanthawi anati, "Ndamva. Khomo lili pululu."

"Mlamu! Uzani dalaivala akhotere ku Kaphuka! Msanga!"

"Ndikumva ngati munthu akufuula kuseri kwa nyumba," anatero aNachisale. "Kaya ndi woledzera. Khomo lili kuno."

Ine ndinasiya kusoka. A Gerevazio akanataya wogula, inde. Koma lole imeneyo ikanasochera, chigamulo cha komiti chinali chisanafafanizidwe, ndipo amene akanatsika chitunda ndi aNachisale. Ndinaona kuti a Gerevazio nawonso aganiza zomwezo, poti anayang'ana wogula, n'kuyang'ana kuchitunda, n'kuyang'ananso wogula. Ndinatulutsa ova-ova yanga.

"Odi, Chimbiya, Zione."

"Lowa Zione."

"Amayi, lole ija ikupita kolakwika, kumudziko kuli maliro. Chonde ingowauzani akhote. Mukudziwa zimene komiti inanena."

"Mbatatesiyo ndi yako?"

"Ayi, amayi."

"Lole ndi yako?"

"Ayi."

"Ndiye mwini wake ali ndi pakamwa. Ndikanyamula mawu a wolowera pazenera lero, mawa onse alowera pazenera, tibwerere kuchiwaya. Bola nditsike chitunda ndi chitseko changa pamutu. Tuluka, mwanawe. Khomo lili pululu."

Pamsewu anthu anali atasiya malonda. Amayi a tomato, anyamata a chipisi, onse anaunjikana pakhonde la golosale. Kenako tinamva aNachisale akuyankha munthu amene ife sitinkamumva.

"Lowani a dalaivala. Mwaiona mphambano? Chabwino. Musathamange, yendani ngati mwanyamula mazira. Pali munthu pakhomo panga akuvula nsapato, zingwe zamuvuta."

Anthu anaphulika ndi kuseka. Wogula uja, amene sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi, anaimirira n'kuvula chipewa.

"Akulu, vuto n'chiyani kodi? Mayiwa akungofuna odi. Kwanu kuno simuchita odi? Lole yanga ikabwera yopanda kanthu ine ndikagula ku Ntcheu, ndipo simudzandionanso."

A Gerevazio anayang'ana ova-ova ngati ndi njoka. Anatembenuka kupereka msana kwa anthu, kuyang'ana shelefu ya sopo, koma pa wayilesi palibe kuseri.

"Odi," anatero chapansipansi.

"Odi wa kuti? Timatchula kwathu."

"Odi. Chimbiya. Gerevazio Ngozo."

Ndinkayembekezera kuti aNachisale aseka kapena awabaya ndi mawu. Sanatero. Anayankha ndi mawu amene mayi amalandirira mlendo wochokera kutali.

"Lowani alamu. Mwafika. Nenani, ndikumva."

Ananena, iwo anabwereza, ndipo lole inakhotera ku Kaphuka. A Petulo anailandira, anyamata anapakira, wogula anabwerera ku Lilongwe dzuwa lisanalowe.

Pamsonkhano wotseka nyengo, a wapampando atafunsa za wayilesi, palibe anaimika dzanja kuti itsike. A Petulo, amene ndi mmodzi wa akuluakulu oyandikana ndi a kwa Ngozo, anangoti, "Ine odi sindinamumve, phiri linanditchinga. Koma ndinamva mwini nyumba akuti lowani alamu, ndipo midzi yonse inamva. Mwini nyumba ndi amene amati lowani." A kubanja sanaitanitsenso nkhani ya kusudzula. Sanaithetse poyera, anangoisiya igone, monga amachitira akuluakulu nkhani ikawachititsa manyazi.

A Gerevazio mpaka pano amati dothi la pa Kamphepo ndi la Ngozo, ndipo akamwa pang'ono amanena mokweza. Soketi yawo sinachirebe, batire ndimapita nalo kuchigayo ndine. Koma m'mawa uliwonse timawamva pa ova-ova, odi wawo wamfupi ngati chifuwa, ndipo chaka chino atakwera chitunda kukafuna mbewu anaima pa mtengo wa mapichesi mpaka anaitanidwa.

Ku Lilongwe anthu a ndalama ayamba kuyenda ndi mafoni a m'manja, ndipo ine ndikudziwa kuti tsiku lina adzafika kuno. Ndimawerengera kale midzi imene ndidzafikire ndili chikhalire. Sabata yatha ndinawauza aNachisale kuti zimenezo zikadzabwera, mwina za kumwamba zija zikadzatsika mtengo, ma ova-ova adzatha ntchito. Anali akupukuta sipika ndi nsonga ya chitenje.

"Zibwere," anatero. "Zichuluke mpaka zibise nyenyezi. Zikadzayamba kupondana mawu, udzaziuze zikwere pa Kamphepo. Koma zidzachite odi."